Zitsulo za pa Windo la Kuseri

Dzina loti a Misomali anawapatsa ndi ana a mumsewu wawo, chifukwa bambowa ankagwira ntchito ataluma misomali. Moni ankayankha misomali ili m'mano, mtengo wa chitseko ankatchula misomali ili m'mano, moti akazi awo ankati tsiku lina adzameza umodzi n'kudzikhoma matumbo. Eni ake dzinalo silinkawapweteka. Anali kalipentala wa zitseko ndi mawindo, munthu wamfupi wa mapewa otakata, pensulo kukhutu, utuchi mpaka m'nsidze. Shedi yawo inali ya malata akale, kuseri kwa nyumba yomwe ankachita lendi.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo atasiyira sukulu panjira. Amalumewo sankaseka ndi ntchito. Mpando ukagwedera pang'ono chabe ankaugwetsa ndi phazi n'kunena kuti, "Yambiranso." Malamulo awo anali awiri basi. Loyamba, chinthu chogwedera usachisiye. Lachiwiri, ukalowa m'nyumba mwa eni maso ako akhale pa thabwa, ndipo zimene wamva uzisiye pakhomo pomwepo potuluka. A Misomali anasunga malamulo onse awiriwa mpaka imvi zinayamba, ndipo onse awiriwa ndi amene anadzapweteketsa munthu wosalakwa.

Loyamba lija linawalowa m'magazi. Koma abale, munthu uja! Pa benchi la kuchipatala anzawo akudandaula za kutalika kwa mzere, iwo ali chogwada pansi kufufuza mwendo womwe ukulira. Tsiku loyamba kukaonekera kwa makolo a mkazi wawo, anapempha mwala n'kukhoma kampando komwe anawapatsa, moni asanathe n'komwe. Apongozi awo aakazi ananong'oneza mwana wawo kuti, "Ameneyu mutu sukuyenda bwino, koma mvula sidzakudonthera." Akaitanidwa kudzakonza chitseko ankakonzanso shelefu, mwendo wa tebulo, kabati yosatsekeka, zonsezo mongothandiza. Anthu ankawakonda nazo, ndipo iwonso, tisabise, ankadzimva nazo.

Pakona pa msewu womwewo panali nyumba ya chitseko chobiriwira. Munkakhala bambo wina wogulitsa m'hadiweya, mkazi wake, ndi kamtsikana kawo ka ku pulayimale. Wa kuhadiweyayo anali munthu wa nthabwala, wa malaya ositasita. A Misomali akapita kukagula matabwa ankawasankhira ouma bwino, osapindika, n'kumawaitana kuti achimwene. Mkazi wake ankasoka zovala za ana pa makina opalasa ndi phazi, pabalaza. Sankayankhula zambiri, ndipo anthu ankangomutchula kuti mayi wa pakona.

Chitseko cha kuchipinda cha nyumba imeneyo a Misomali anachikonza kangapo konse. Ulendo wina mahinjesi atazuka, ulendo wina thabwa la pakati litabooka, ulendo wina felemu itang'ambika polowa loko. Mwamunayo ankangoseka. "Matabwa a masiku ano, achimwene, ndi mabisiketi." Nanga alipo kalipentala amene sadziwa chitseko chomenyedwa ndi nsapato? Ankadziwa. Ankaonanso mayiyo akuwapatsira madzi akumwa ndi dzanja lamanzere, lamanja atalibisa. Ankamwa madziwo n'kuthokoza, kenako ankakhoma, kusesa utuchi wawo, n'kutsanzika mwaulemu.

Amayi a mumsewumo ankadziwa zoposa pamenepo. Ankadziwa kuti bamboyo wayamba chizolowezi chatsopano: akafuna kumenya ankayamba wakiya chitseko chobiriwira chija, kiyi n'kuponya m'thumba, wailesi n'kukweza. Ankadziwanso kuti ulendo womaliza anauza mkazi wake kuti tsiku lina adzatuluka m'nyumbamo atanyamulidwa. Choncho mayi wa pakona anadzikonzera pothawira. Kuchipinda kunali windo la kuseri, loyang'ana kampata kopapatiza pakati pa khoma ndi mpanda wa neba. Windolo linali ndi zitsulo zoimirira zolowa m'felemu ya thabwa. Mwamuna akapita kuntchito, mayiyo ankasema felemuyo pang'onopang'ono ndi mpeni wa kukhitchini, zosemazo n'kukataya kutali, mpaka zitsulo ziwiri zinayamba kuzuka ukazikankhira m'mwamba. Ankazibwezera pamalo pake n'kukoka katani. Neba wake, mayi ogulitsa makala, anavundikira ndowa yachitsulo pansi pa windolo kuti popondapo pakhale pafupi, ndipo kwawo ankamusungira kachikwama ka zovala zake ndi za mwana. Windolo linali lisanagwirepo ntchito. Linkadikira tsiku loipalo, ndipo mwamuna aliyense wa mumsewumo sanauzidwe.

Ndiye m'mawa wina a Misomali anaitanidwanso ku chitseko chomwe chija. Mwamunayo anawasonyeza pothyoka n'kuthamangira kuntchito. Iwo anaika thabwa latsopano, anayesa kutseka ndi kutsegula, zonse bwinobwino. Akulongedza zida, mphepo inakankha katani ya pawindo, chitsulo chimodzi n'kuchita phokoso pang'ono. Khutu la a Misomali silikanaphonya zimenezo. Anapita n'kugwedeza chitsulocho, n'kugwedezanso chinzake.

"Aaa, mayi, apa mbala zinayesa," anatero. "Taonani mmene zasemera felemu. Zatsala pang'ono kulowa."

Mayiyo anali ataima pakhomo la chipindacho, sizasi ili m'manja. "Apo pasiyeni, bambo."

"Ndipasiye? Munthu atha kulowa apa mutagona, makina anu aja n'kupita."

"Bambo a mwana anangoti chitseko."

Iwo anaganiza kuti mayiyo akuopa kuti awonjezera mtengo. Anaseka ndithu, chiseko cha munthu wokoma mtima. "Musade nkhawa, mayi, izi n'zongothandizana. Amuna anu aja ndi m'bale wanga."

"Chonde, pasiyeni momwemo."

Anayankhula motsitsa, ndipo sanachoke pakhomopo. A Misomali anali atatembenuka kale, akufufuza m'chikwama. Anatulutsa kathabwa kolimba kotsala ku ntchito ina, anakapaka guluu, anakagoneka pa felemu yosemedwayo, n'kukamanga ndi masikuluu aatali omwe ankawasungira ntchito zapadera. Anagwedeza zitsulo ndi manja onse awiri. Zii. Potuluka anazungulira kuseri kukaona kunja kwake, anapeza ndowa yovundikira ija, n'kupukusa mutu kuti anthu ena amachita kuwaikira akuba makwerero. Anaikoleka pa mpanda. Anabwerera kwawo akuimba mluzu, osadzifunsa n'kamodzi komwe kuti mbala yanji imasema felemu kuchokera m'kati mwa nyumba.

Madzulo ake mayi wa pakona anayesa mpeni wake pa thabwa latsopanolo, mpeni n'kupindika nsonga. Mayi a makala anali atapita kumaliro kwawo, ndipo panalibe wina woti amuuze.

Tsiku loipalo linafika Lamlungu la sabata yomweyo, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu atangoweruka kutchalitchi. A Misomali anali pakhonde akunola sowo pamene anamva wailesi ya pakona itakwezedwa mpaka kumapeto. Ankadziwa tanthauzo lake, monganso msewu wonse unkadziwira, ndipo anapitiriza kunola. Kenako anaona mayi a makala akubwera chothamanga, opanda nsapato, chikwama cha paulendo chikadali paphewa.

"Inu! Ndinu munakhoma windo lija?"

"Eya, mbala zinali zita..."

"Mbala zake ziti? Tengani zitsulo zanu mukazule zimene munakhomazo! Akumupha munthu uko!"

Akazi awo anatuluka m'nyumba manja ali ndi thovu la sopo. Atamva za windolo anangogwira kumutu n'kukuwa kuti, "Mayo ine, bambo inu mwatani!" Apo m'pamene a Misomali anazindikira. Anatola chikwama n'kuthamanga.

Kumaso kwa nyumbayo kunali kutaima amuna angapo, manja m'matumba. Wina ankati za m'banja n'zovuta kulowerera, wina ankati asiya okha akatopa. A Misomali anawadutsa n'kulowa m'kampata kaja. Pawindo anapeza manja awiri atagwira zitsulo zija, akuzikankhira m'mwamba, akuzikankhiranso. Mayiyo anali atadzitsekera kuchipinda, mwana atamulowetsa pansi pa bedi, ndipo kuseri kwake chitseko chinkagunda ndi nsapato. Atawaona sanawatukwane. Anangoti, "Fulumirani, bambo."

Anaika sikuludalaivala pa sikuluu yoyamba. Sinatembenuke. Nanga ikanatembenuka bwanji, poti anaimanga okha ndi mphamvu zawo zonse? Masikuluu ena anali cham'kati, kosafikika ndi dzanja lochokera panja. Anatenga tchizulo ndi hamala n'kuyamba kuswa thabwalo, koma guluu anali atagwira, thabwa linali louma bwino, losankhidwa. Moyo wawo wonse anali asanatembererepo ntchito ya manja awo, koma tsiku limenelo anaitemberera mokweza. Chitsulo choyamba chisanagwedere, chitseko cha kuchipinda chinagonja. Manja aja anachoka pa zitsulo mokokedwa. Zimene zinatsatira anaziona ndi maso awo, ataima pamtunda wa mkono umodzi chabe, akukuwa kuti, "Achimwene, siyani! Achimwene!" ngati kuti munthu uja akanamva ulemu.

Amene anatsegula nyumbayo ndi amayi. Akazi a a Misomali anatola mwala n'kuyamba kuswa chitseko chobiriwira, mayi a makala akukuwira amuna aja kuti ngati alibe manja avule mathalauza awapatse iwo. Manyazi anawagwira amunawo, anaponya mapewa pa chitseko, ndipo sichinachedwe kugwa. Chikanagwa kalekale akanayamba msanga. Wa kuhadiweya anamugwira atanyamula mwendo wa tebulo. Mayi wa pakona anali pansi, chiuno chitathyoka, ndipo anatulukadi m'nyumbamo atanyamulidwa.

Madzulo a tsikulo a Misomali sanadye. Anakhala m'shedi, akazi awo ataima pakhomo.

"Bwanji simunandiuze za windolo?" anafunsa.

"Tikuuzeni inu? Achimwene ake?" akaziwo anayankha. "Chitseko chija mwachikonza kangati? Munkati chikuthyoka ndi mphepo? Maso muli nawo a chiyani, abambo?"

Kenako akaziwo anakhala pansi pa mulu wa matabwa n'kuyamba kulira. "Ifenso ndife opusa," anatero. "Tinkakonza pothawira mobisa, kuikirana ndowa, m'malo moti tipite kumaso tonse tikagogode, tikamuuze kuti tikumva. Mwaona mmene chitseko chija chagwera? Zaka zonsezi chinali chomwecho."

Apolisi atabwera kudzafunsa anthu, ambiri anati anali kutchalitchi, ena anati wailesi inkasokosa. A Misomali anapita okha kupolisi, atavala jekete la ukwati wawo lomwe linali litasiya kumangika mabatani. Ananena za mahinjesi, za thabwa lobooka, za dzanja lobisidwa, za windo. Wapolisi wamkazi amene ankawamvetsera anawafunsa kuti, "Ndiye nthawi yonseyi munauzako ndani?" Iwo anati palibe. Anakanenanso zomwezo kukhoti, wa kuhadiweya akuwayang'ana ngati amudyera chuma. Bamboyo anamangidwa. Mayiyo atatuluka m'chipatala anatengedwa ndi mchemwali wake kupita dera lina, ndipo nyumba ya pakona analowamo anthu ena.

Kuyambira pamenepo a Misomali anasintha kagwiridwe ka ntchito, ngakhale kuti sanakhale munthu wa misonkhano kapena wodziwa kuyankhula pagulu. Akapeza chitseko chomenyedwa ndi nsapato ankadikira mpata woti mayi wa m'nyumbamo ali yekha, n'kufunsa motsitsa kuti, "Mayi, muli bwino m'nyumba muno? Alipo amene ndingakuitanireni?" Ena ankawakalipira kuti asamale zawo. Ena ankangoti tili bwino, maso ali pansi, ndipo iwo ankati, "Shedi yanga mukuidziwa, amayi kunyumba amapezeka tsiku lonse." Owerengeka anabweradi, ndipo akazi awo ankawaperekeza kupolisi kapena kwa abale awo. Bambo wina anawaitana kuti amuikire loko wa kunja pa chipinda cha mwana wake wamkazi, ati mtsikanayo wayamba mwano. A Misomali analongedza zida n'kumuuza kuti akhomere mbuzi, osati munthu. Kasitomala ameneyo anapita ndi anzake angapo, ndipo miyezi ina kunyumba kunkavuta ndithu.

Akamva kukuwa mumsewumo ankatenga hamala, kuitana aliyense amene wamuona, n'kukagogoda. Sankalalata ayi. Ankangoti, "Odi kuno! Tamva phokoso, tabwera tonse." Anyamata a pa shopu anawapatsa dzina lina, ankati a polisi a matabwa. Tsiku lina anasonkhanitsa anthu n'kukagogoda pa nyumba ina mwamphamvu, n'kupeza agogo ali okha akuonera filimu pa TV atakweza mawu chifukwa cha kugontha. Msewu wonse unaseka sabata yathunthu, iwonso anaseka nawo. Koma ulendo wotsatira anapitanso, ndipo amuna ena aja a manja m'matumba anayamba kumawatsatira, poyamba chapatali, kenako pafupi. Nkhanza sizinathe mumsewumo, ndinganame. Koma wailesi yokwezedwa inasiya kubisa kanthu.

Anthu ankawayamikira, iwo osakondwa nazo. Akazi awo okha ndiwo ankadziwa kuti bamboyo akadutsa pakona paja amayang'ana kumbali. A Misomali ankafunsafunsa za mayi uja kwa mayi a makala, ndipo yankho linali lomwelo: ali moyo, akuyenda ndi ndodo. Kangapo anavala jekete lija kuti akamuone, n'kukabwerera pa siteji ya basi. Ankati akapita akanene chiyani, pepani? Pepani wake wokwana pati?

Zaka zinapita, tsitsi lonse linayera, maso anayamba kufuna magalasi. M'mawa wina akupala thabwa m'shedi anamva odi. Pakhomo panaima mtsikana wamtali, ndipo pambali pake mayi wotsamira ndodo, mwendo wamanja ukukokeka. Anawazindikira nthawi yomweyo. Anapukuta mpando ndi malaya awo n'kuupereka ndi manja awiri.

Mayi wa pakona uja anakhala pansi movutikira, anapereka moni, anafunsa za amayi kunyumba. Kenako ananena chimene anadzera. Makina opalasa aja anawasiya, mwendo sulola. Panopa amene amasoka ndi mwana wakeyu, ndipo mayiyo ntchito yake ndi kudula nsalu. Ankafuna tebulo lodulirapo atakhala pansi, lalifupi, lokhala ndi mpata woti mwendowo uzitambasuka. Makalipentala a kwawoko anamupangira awiri, onse ogwedera.

"Ndinati ndipite kwa a Misomali," anatero. "Zanu sizigwedera. Zimenezo ndiye ndikuzidziwa bwino."

Sanaseke ponena zimenezo, ndipo a Misomali anamva ngati awabaya. Anatenga tepi n'kugwada pambali pa mpandowo, kuyeza kuchokera pansi kufika pa chigongono. Anafunsa ngati pamenepo pali bwino, mayiyo anati atsitse pang'ono. Anafunsa mbali yomwe mwendo umapweteka, anawasonyeza. Atamaliza sanadzuke. Anakhala chogwada, tepi ili m'manja.

"Mayi," anatero, "windo lija. Palibe tsiku limene sindiliganiza. Ndikanadziwa, sindikanakhoma. Mulungu ndi mboni, sindinkadziwa."

"Ndikudziwa kuti simunkadziwa," mayiyo anayankha. "Ndinamvanso zimene munakanena kukhoti, ndi zimene mumachita masiku ano. Zikomo. Ine sindinabwere kudzakuimbani mlandu, wondithyola ndi wina."

A Misomali anapuma mozama, akuganiza kuti mawu athera pomwepo. Koma mayiyo anapitiriza, mofatsa, akuyang'ana ndodo yake.

"Chimene chimandipweteka n'chimodzi. Ndinakuuzani kuti pasiyeni, ndinabwerezanso. Kuti ndiyambe ndine kufotokoza sindikanatha, munali anzake. Ndiye ndinaima pakhomo paja kudikira kuti mutembenuke mundifunse kuti chifukwa chiyani. Munali munthu woyamba kulowa m'chipinda chija amene ndinkaona kuti mwina angamve. Mukanangofunsa, bambo, ndikanakuuzani zonse."

Misozi ya a Misomali inatsika n'kulowa mu ndevu, ndipo sanaipukute. Mtsikana uja anafunsa tsiku lodzatenga tebulo, iwo anangogwedeza mutu. Kenako mtsikanayo anagwira mayi ake m'khwapa n'kuwadzutsa, anawapatsa ndodo, ndipo awiriwo anatuluka pang'onopang'ono, mwendo uja ukukokeka n'kusiya mzere mu utuchi kuchokera pa mpando mpaka pakhomo.